Timagoneka Woyenera Kuyenda, Timayendetsa Woyenera Kugona

Nkhani ya msana yokambidwa pa Mtengowanthenga kwa mafumu, alangizi a zaumoyo, a kabaza ndi osamalira odwala kumudzi

 Zikomo kuti mwagoneka makasu ndi njinga n'kubwera kudzamva za msana. Ena mwachokera pafupi pompa, ku Mponela ndi ku Lumbadzi, ena mwatsika mapiri a ku Ntchisi kusanache. Ndiyesetsa kuti mabenchi mwakhalapowa asakupatseni nthenda yomwe tabwera kudzakambayi.

Ine ntchito yanga ndi ya mafupa. Zaka zonsezi, munthu akangokhala pampando m'chipinda chopimira, mawu amakhala amodzimodzi: "Adokotala, msana." Agogo amene akhala akuwerama ndi khasu kuyambira nthawi ya Kamuzu, msana. Mnyamata amene wakweza mabelo a fodya mulole yopita ku Kanengo, msana. Mayi amene waonda, usiku thukuta lili kamukamu, msana. Bambo amene wagwa padenga la chigafa, nayenso msana. Liwu n'limodzi, koma nthenda zake n'zosiyana kutalitali. Wina mwa anthu amenewa akachira ndi kuyenda. Wina kuyenda komweko kukamupha miyendo.

Ndikuuzeni za anthu awiri, mayina ndi midzi ndibisa. Woyamba ndi bambo wa zaka za m'ma 40, mlimi wa fodya. Anawerama kukweza thumba la feteleza pangolo, n'kumva kuti tswii m'chiuno, ululu n'kutsika mwendo wakumanzere mpaka kuphazi. Abale anamuyalira mphasa nati asadzuke mpaka apole. Anagona miyezi iwiri. Pofika kwa ife mwendo unali mphini zokhazokha, ntchafu zitafota, munda utalowa thengo. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 14 amene anagwa mumtengo wa mango mwezi wa Disembala. Amene anamutola anandiuza okha kuti ali pansi paja zala za kumapazi ankazigwedeza. Anamudzutsa, n'kumukhazika tsonga panjinga yamoto pakati pa woyendetsa ndi amalume ake, n'kuuyatsa ulendo m'msewu wa mabampu. Pomutsitsa, miyendo inali lende. Onse amene anasamalira anthu awiriwa anachita mwachikondi. Koma bambo uja ankayenera kuyenda, mnyamatayo ndiye ankayenera kugona. Tinatembenuza.

Tiyambe ndi mbuzi. Amene anasendapo mbuzi, kapena anaimapo pa kanyenya n'kuona wogulitsa akudula msana ndi chikwanje, theka la phunziro langa akulidziwa kale. Msana si fupa limodzi ngati mpini wa khasu. Ndi timafupa tosanjikizana, ndipo mwa munthu tilipo 33: m'khosi 7, kumbuyo kwa chifuwa komwe kwagwira nthiti 12, m'chiuno 5, kenaka 5 togwirana n'kukhala fupa limodzi la pamwamba pa matako, ndi 4 ta kumchira. Timafupati tasiya mphako yotsika kuchokera ku bongo, ndipo m'mphakomo mwadutsa chingwe choyera, chofewa ngati bongo womwewo, chija ana amalimbirana kuyamwa nyama ikapsa. Ndiwo mtsempha waukulu wa msana. Uthenga uliwonse wouza mwendo kuti uponde, wouza chikhodzodzo kuti chigwire mkodzo kapena chiutaye, umadzera m'menemo. Kukula kwake n'ngati chala chaching'ono cha kumanja. Fupa likathyoka limagwirana. Chingwe ichi chikaduka, palibe dokotala, kaya ku Johannesburg kaya ku London, amene angachilumikize. Chimathera pomwe nthiti zathera, cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ndipo kuchokera apo chimamwazika kukhala timitsempha tambirimbiri tolendewera ngati litchowa. Azungu akale anatitcha mchira wa kavalo.

Pakati pa fupa ndi fupa linzake pali nkhata. Amayi mukudziwa chifukwa chake simusenza mtsuko pamutu popanda nkhata. Thupi nalo linaika nkhata 23 mumsana, zomwe kuchipatala timati madisiki. Kunja kwa disiki n'kolimba ngati luzi lopota, m'kati n'kofewa ngati phala loti lazizira. Munthu akawerama miyendo ili yowongoka, n'kunyamula thumba la makilogalamu 50, kenaka n'kupotoka kuti aliponye pangolo, phala lija limakankhidwira kumbuyo. Zaka zikamapita luzi limatha mphamvu, tsiku lina limang'ambika, phala n'kutulukira pomwe padutsa mtsempha wopita kumwendo. Mwa anthu 10 amene izi zimawachitikira m'chiuno, 9 zimachitika pa nkhata ziwiri za pansi penipeni, chifukwa m'pamene pamathera katundu yense wa thupi.

Chosokoneza n'chakuti ululu sumveka kwenikweni pomwe pavulala. Umayambira m'thako, kutsika kuseri kwa ntchafu, kudutsa m'katumba mpaka kuphazi, ngati moto kapena ngati nyerere zikuyenda. Kutsokomola, kuyetsemula, kukhala pansi nthawi yaitali, zonse zimaukolezera. Kumudzi timati nyamakazi, ena amati waponda mankhwala, ndiye mphini zimatemedwa m'mwendo monse. Mwendowo ulibe mlandu. Kuli ngati kuthira phulusa kumasamba chiswe chili kumizu. Ndipo musaseke makolo athu, chifukwa madokotala a kunja nawo anasokera nazo nthawi yaitali. Ankati akapeza kachidutswa kotere pa opaleshoni n'kumati n'chotupa, mpaka mu 1934 pomwe madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, anaonetsa kuti ndi m'kati mwa disiki motuluka.

Mumamva anthu akuti disiki yachoka m'malo, aibweze. Disiki sichoka ngati chivindikiro cha poto. Imang'ambika. Palibe mwana amene angaibweze pokupondani pamsana, ndipo ngati ululuwo ukuchokera ku fupa lodwala, kupondako kungakumalizeni.

Mukabwera kwa ife, chida chachikulu si makina ayi, ndi mafunso ndi manja. Unayamba liti, mukutani? Ukutsika mwendo kapena wangokhala pamodzi? Usiku mukagona ukuleka? Mkodzo ukutuluka bwino? Kenaka timakugonekani chagada n'kukweza mwendo uli wowongoka. Ululu ukathamanga kupitirira bondo mwendo usanakwere kwambiri, timadziwa kuti mtsempha wapanika. Timakuyendetsani ndi zidendene, kenaka ndi zala, timakuuzani kuti mukweze chala chachikulu ife tikukanikiza. Amene akulephera kuyenda ndi chidendene ndi amene akulephera kunyang'ama, mitsempha yawo yopanika n'njosiyana, ndipo timatha kuloza fupa lake osajambula.

Apa m'pamene timayambana ndi odwala. Munthu wayenda mtunda, walipira kabaza, ndiye akufuna amujambule. Osamujambula amatuluka akung'ung'udza kuti sanathandizidwe. Ekisire imaonetsa mafupa basi. Disiki ndi mtsempha sizioneka m'menemo. Makina oona zofewazi ndi a MRI, omwe kuno kwathu anayamba kufika mu 2008 ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo anabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a m'bongo mwa ana. Koma nawonso ali ndi msampha wake. Mu 1994 ku America anajambula ndi makina amenewa anthu 98 amene msana sunkawapweteka n'komwe. Opitirira theka anawapeza ndi disiki yofufuma, ndipo woposa mmodzi mwa anayi alionse anali ndi disiki yotulukira ndithu. Anthu abwinobwino, oyenda, ogwira ntchito. Ndiye mukamva wachibale wa m'tauni akuti anajambulitsa ndipo anamupeza ndi madisiki atatu owonongeka, musagulitse ng'ombe msanga. Chithunzi chimathandiza chikagwirizana ndi zomwe manja apeza.

Uthenga wabwino ndi uwu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu okwana 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo palibe nthenda ina yoposa iyi pa kulepheretsa anthu ntchito. Koma ochuluka zedi mwa iwo alibe chothyoka kapena choola. Ndi minofu ndi mfundo zotopa. Ngakhale a disiki yong'ambika, ambiri amapeza bwino pakati pa masabata 6 ndi 12 popanda mpeni, chifukwa thupi limadya pang'onopang'ono kachidutswa kotuluka kaja, kutupa n'kuphwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kwake si kwa pamphasa. Tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakula, pumulani. Kupitirira apo dzukani, zungulirani nyumba, mawa mufike pachitsime, mkuja kutchalitchi. Msana wogona umauma, minofu yougwira imafota, mtima nawo umagwa. A mafizo amaphunzitsa masewera olimbitsa mimba ndi chiuno, ndipo ndi mankhwala enieni, si zocheza. Kuthowa ndi madzi ofunda sindiletsa. Pobwerera kumunda, mpini wa khasu utalikeko, mizere muigawe masiku, ndipo ponyamula katundu pindani mawondo, mumukumbatire pafupi ndi mimba, mutembenuke ndi mapazi osati ndi chiuno. Thumba la feteleza ndi la anthu awiri. Ndikudziwa kuti anyamata mukanyamula awiri anzanu amakusekani. Amene akusekayo sadzakulimirani.

Za mapiritsi ndinene mosabisa. Panado, munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku. Bulufeni, dikilofenaki ndi indosidi uja mumagula m'magolosale amathandiza masiku ochepa, mutadya kaye. Koma ndaona anthu akumwa mitundu itatu yonseyi pamodzi, m'mimba muli zii, mwezi ndi mwezi. Mapeto ake ndi zilonda za m'mimba, kusanza magazi ndi impso zakufa. Amayi oyembekezera, odwala impso ndi okalamba asamwe amenewa popanda kufunsa kuchipatala. Opaleshoni ya disiki ilipo, ndipo imathandiza, koma ndi ya ochepa: amene mwendo ukunka nufooka, ndi amene miyezi yatha ululu wa m'mwendo osagonja.

Tsopano alangizi a zaumoyo tcherani khutu, chifukwa inu ndi amene mumayamba kuwaona anthuwa. Pali msana wina wosayenera kudikira ngakhale tsiku. Munthu akati msana ukupweteka, n'kuwonjeza kuti mkodzo ukukana kutuluka kapena ukungotuluka osaumva, chimbudzi chikumupulumuka, pakati pa miyendo pomwe timakhalira pa chishalo cha njinga pachita dzanzi, miyendo yonse iwiri ikulemera, ndiye kuti litchowa lija lapanidwa lonse. Opaleshoni yake imafunika m'tsiku limodzi kapena awiri. Ikachedwa, munthu amakhala ndi thewera moyo wake wonse. Vuto n'lakuti izi n'zamanyazi. Bambo wamkulu sangayambe yekha kuuza mlangizi wa msinkhu wa mwana wake kuti akudzikodzera. Mufunseni inuyo, pambali, mwaulemu.

Msana winanso ndi wondichititsa manyazi ine. Pa chipatala china chomwe ndinkagwira ntchito ndili mnyamata, kunabwera mayi katatu konse akudandaula msana wa pakati pa mapewa. Katatu konse ndinamulembera bulufeni, mzere panja uli wautali. Ulendo wachinayi anabwera pa machira. Nditamuvula ndinapeza kafupa katatumphuka pamsana ngati chigongono. Chinali chifuwa chachikulu. Ambiri timadziwa TB ya kutsokomola, koma kachilombo komweko kamalowa m'mafupa, ndipo pafupifupi theka la TB ya m'mafupa imakhala mumsana. Kamadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi nkhata yapakati, mafupawo n'kufwamphuka kutsogolo, linunda n'kutuluka, mafinya n'kupana mtsempha. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, anailongosola kale mu 1779, koma ine mu ulendo woyamba uja sindinafunse mafunso atatu okha: mwaonda? mukutuluka thukuta usiku? ululu ukukudzutsani kutulo? Mwamwayi, kufa ziwalo kwa TB n'kumene kumamva mankhwala. Mayi uja anamwa mankhwala chaka chathunthu, ndipo anadzabwera kudzandilonjera akuyenda ndi ndodo. Linunda lokha linatsala, ndipo ndimaliwerengera ine. Choncho msana wopweteka usiku, wa munthu woonda, wotentha thupi, wa kachilombo ka HIV, wa mwana wamng'ono, wa bambo wachikulire wovutika pokodza kapena mayi amene anadwalapo khansa ya bere kapena ya khomo la chiberekero, umenewo si wa panado.

Tifike pa kuthyoka, pomwe pagona nkhani yanga. Dera lathu lino lili ndi nyengo zake za misana yothyoka, ndipo ndingakuuzeni mwezi poyang'ana odwala m'wodi. Mango akapsa, kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndi ana. Mvula ikakula ndi zipupa zogwa ndi zitsime zogumuka. Fodya akamakololedwa ndi abambo ogwa m'zigafa ndi opsinjidwa ndi ngolo pa zitunda za ku Dowa ndi ku Ntchisi. Chaka chonse ndi M1 uyu wadutsa pakhomo pathu, ndi malole odzaza anthu pamwamba pa matumba, ndi njinga zamoto. Amayi nawo ali ndi yawo: kuterereka potsika phiri mtolo wa nkhuni uli pamutu, khosi n'kupindikira kutsogolo.

Malo othyoka kawirikawiri ndi awiri: m'khosi, ndi pomwe nthiti zathera. Chifuwa n'cholimba chifukwa nthiti zachimanga, chiuno n'chogwedera. Pokumana cholimba ndi chogwedera m'pamene pamathyoka, monga mpini umathyokera pafupi ndi khasu. Kuthyokanso kuli mitundu. Pena fupa limangophwanyika kutsogolo n'kukhala ngati mphero, kumbuyo kuli kwabwino, limeneli silisuntha. Agogo aakazi amene mafupa apepuka atasiya kusamba limawachitikira pongogwa chokhala pakhonde, ndipo n'chifukwa chake ena amafupika n'kuwerama ndi zaka. Pena munthu akagwa kuchokera pamwamba, nkhata imakhomereredwa m'kati mwa fupa ngati chikhomo cholowa m'chipika, fupa n'kusweka mbali zonse, zidutswa zina n'kulowa m'mphako ya mtsempha. Pena mafupa awiri amaphonyana, mitsempha yowamanga itaduka, ndipo disiki yong'ambika imakankhidwira kumbuyo n'kukhala pa chingwe chija. Ichi n'chifukwa chake khosi lophonyana sitilikoka mwachisawawa: mukhoza kuwongola fupa n'kukanikizira disikiyo pa mtsempha.

Choopsa n'chakuti kunja zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wothyoka msana akhoza kugwedeza miyendo, akhoza kuimirira, ena amayenda ndithu. Fupa lasweka koma chingwe sichinakhudzidwe. Chatsala ndi kumupinda kamodzi kokha. Ndiponso ululu wa pena umabisa wa pena: mwa anthu 10 ogwa choimirira n'kuswa chidendene, mmodzi amakhala wathyokanso msana, iye akungolira phazi. Woledzera ndi wokomoka sangakuuzeni n'komwe.

Ndiye lamulo lake nali, ndipo mafumu mukalinene pamaliro ndi pamisonkhano. Aliyense wogwa kuchokera pamwamba popitirira msinkhu wake, wogundidwa ndi galimoto, wogwa panjinga yamoto, wogweredwa chipupa kapena ngolo, amene akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti manja ndi miyendo zachita dzanzi, kapena sakuyankha bwino, timutenge ngati wothyoka msana kufikira achipatala atakana. Musamudzutse kuti tione ngati angaime. Musamukhazike. Musamunyamule wina kumapewa wina kumiyendo, thupi lili lende pakati ngati thumba. Musamukoke khosi kapena miyendo kuti muwongole. Musamumwetse madzi kapena thobwa, chifukwa akhoza kutsamwa, ndiponso mwina akufunika opaleshoni tsiku lomwelo. Choyamba onani ngati akupuma. Munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri m'mbali mwa makutu, ndipo asausiye mpaka mapeto. Iyeyo ndiye wolamula. Atatu agwade mbali imodzi, wina pamapewa, wina m'chiuno, wina m'miyendo. Wa kumutu akawerenga, onse amugubuduze pamodzi ngati chipika, mutu, chifuwa ndi chiuno zitembenukire limodzi, wachisanu alowetse chitseko kapena thabwa, n'kumubwezera chagada. M'mbali mwa mutu ikani nsalu zokulunga kapena timatumba ta mchenga, mumumange ndi zitenje pamphumi, pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo. Akafuna kusanza, pendeketsani chitseko chonse, osati mutu wokha. Chipewa cha njinga yamoto musachizule pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma.

A kabaza, ndikudziwa kuti pangozi inu ndi amene mumayamba kufika, ndipo anthu ambiri ali moyo chifukwa cha liwiro lanu. Mayi wotaya magazi pobereka, mwana wa malungo, thamangani nawo. Koma wa msana yekha njinga yanu si yake. Ntchito yanu pamenepo ndi kuthamangira galimoto ya kumbuyo kotseguka, lole kapena ambulansi, pomwe chitseko chingagone. Ngolo yoyenda pang'onopang'ono munthu ali chagada iposa njinga yothamanga munthu ali tsonga. Ola limodzi lotayika posaka galimoto silipha miyendo ngati bampu limodzi.

Mukafika naye pa chipatala cha Francisco Palau pano, kapena ku Dowa, ku Madisi, ku Mponela kaya ku Ntchisi, musamutsitse pachitseko nokha. Nenani pakhomo pomwe kuti wagwa ndipo mukukayikira msana, ndipo nenani ngati miyendo ankaigwedeza pomwe munamutola, chifukwa mawu amenewo ndi amtengo wapatali kwa ife. Tikamupima mphamvu ndi kumva kwa khungu kuchokera kumapewa kutsika, kuti tipeze pomwe dzanzi layambira: likayambira pa mawere ndi fupa lina, pa mchombo ndi lina. Tikamujambula, ndipo tikapeza pothyoka pamodzi timayang'ana msana wonse, chifukwa si zachilendo kupeza pachiwiri. Zikafunika timamutumiza ku Lilongwe, ulendo wa ola limodzi kuchokera pano, komwe kuli makina a CT oonetsa fupa ngati mwalidula mapisi.

M'zipatala za m'maboma, amene mukakumane naye nthawi zambiri ndi kiliniko ofesala wa mafupa. Ntchito imeneyi inayamba mu 1985 pomwe dokotala wa ku Canada, Edward Blair, ataona kuti dziko lonse lilibe madokotala a mafupa okwanira, anayamba kuphunzitsa ku Blantyre anthu a zachipatala kwa miyezi 18 kuti azikathandiza othyoka kumaboma. Mpaka lero mafupa ambiri a Amalawi amalumikizidwa ndi manja amenewa. Opaleshoni ya msana yokha ndi ya akatswiri, ndipo apa zinthu zasintha m'maso mwathu: mu 2023 pa Kamuzu Central Hospital panatsegulidwa chipatala cha mafupa, msana ndi bongo chotchedwa LION, chomangidwa mothandizana ndi anzathu a ku Norway, makamaka a chipatala cha Haukeland mumzinda wa Bergen. Kwa ife a Dowa ndi Ntchisi, chili pakhomo.

Si wothyoka aliyense wofuna mpeni. Fupa losasuntha limagwirana lokha m'miyezi iwiri kapena itatu. Munthu amapatsidwa mankhwala a ululu, nthawi zina chomangira thupi kapena kolala ya m'khosi, n'kuyamba kudzuka msanga monga amuuzira. Losuntha ndiye limafuna chimodzi mwa ziwiri: kugona chagada masabata 6 mpaka 12, la m'khosi likukokedwa ndi zitsulo zolemera zomangirira kumutu, kapena opaleshoni yoika misomali ndi timipiringidzo tachitsulo togwira mafupa a pamwamba ndi a pansi, n'kuchotsa zidutswa za fupa ndi za disiki zopana mtsempha. Koma abale mumve bwino, chifukwa apa timakhumudwitsana. Zitsulo zimagwira fupa kuti munthu akhale tsonga msanga. Sizilumikiza chingwe choduka. Amene wafika akumvako pang'ono, kapena akugwedeza ngakhale chala chimodzi, chiyembekezo chilipo ndithu, ndipo mphamvu zimatha kubwerera kwa chaka kapena kupitirira. Amene wafika zonse zili zii, masiku n'kupita osasintha, kawirikawiri sayendanso. Ndi bwino kumva zoona kusiyana n'kugulitsa munda kuzungulira kwa asing'anga ndi kwa aneneri.

Kusayenda si kufa. Chimene chimapha anthu amenewa kumudzi si msana, ndi zilonda ndi mkodzo. Khungu losamva likapsinjika pamphasa maola angapo limafa, pamatako, m'chiuno ndi ku zidendene pamabooka, bala n'kulowa mpaka pafupa. Mkodzo wokhalitsa m'chikhodzodzo umaola n'kukwera ku impso. Kale ku Ulaya nakonso ambiri ankafa motero m'miyezi yochepa, mpaka mu 1944 pomwe Ludwig Guttmann, dokotala wachiyuda wothawa ku Germany, anatsegula wodi ya ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Mankhwala ake aakulu anali oti ngakhale ife tingawakwanitse: kutembenuza wodwala maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndi kutulutsa mkodzo mwaukhondo pa nthawi yake. Mu 1948 anayambitsa mpikisano wa mauta ndi mivi wa odwala ake, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera masewera a Paralympics. Choncho magadiyani, gawanani usiku. Munthu mmodzi sangathe. Yang'anani khungu m'mawa ndi madzulo, ndipo pofiira posabwerera musagonekepo. Mphasa ikhale youma, pansi pake pofewa. Amwe madzi ambiri, aphunzire kudziika kapaipi ka mkodzo ndi manja osamba. Mbaula ikhale kutali ndi mapazi, chifukwa amapsa osamva. Ku Blantyre kuli malo a Kachere, a bungwe la MAP lomwe linayamba ndi nkhondo ya poliyo, komwe amaphunzitsa anthu otere kudzisamutsa pabedi kupita panjinga ya olumala, kudzisambitsa ndi kuyambanso moyo. Ndikudziwa telala ndi wokonza mafoni amene amadyetsa mabanja awo ali panjinga yotere.

Pali nkhani ina yomwe amuna amandifunsa chonong'ona, akazi awo atatuluka. Pa Chichewa tili ndi mawu oseka nawo munthu, akuti uje anagwa m'papaya. Ine ndikawamva sindiseka kwenikweni, chifukwa ndawaona amuna amene anagwadi mumtengo, ndipo mitsempha ya mphamvu za m'nyumba imadzera m'chingwe chomwechi. Ndi kuvulala ngati kuvulala kwina, si kulodzedwa, si chilango. Thandizo limakhalapo kwa ena, ndipo amayi ofa miyendo amatha kutenga pathupi n'kubereka. Ankhoswe, banja lotere limafuna inu kuposa kale. Musalisiye lithe mwakachetechete.

Mnyamata wa mango uja ndinakumana naye patapita zaka zitatu. Anali atabwerera kusukulu, anzake akumukankha. Amalume ake aja ndi amene anamumangira kanjira kotsetsereka pakhomo ndi kukulitsa khomo la chimbudzi. Amalumewo anandifunsa funso lomwe ndinkaliopa, loti akanamunyamula pachitseko bwenzi akuyenda kodi. Ndinawayankha kuti panalibe amene anawaphunzitsapo, ndipo kuti mlandu umenewo ndi wa ife achipatala amene timadikira anthu m'mawodi osabwera kuno kudzanena.

Nthawi yatha, ndipo ndaona agogo kutsogoloku ayamba kusinthasintha makhalidwe. Imirirani ndithu, agogo, mwamva kale kuti n'kololedwa. Chitseko tazula kale, chili apo pakhonde, ndi zitenje zinayi. Ndikupempha anyamata asanu a kabaza abwere kutsogolo kuno, ndi mmodzi wodzipereka kugwa mumtengo. Inu achimwene a jekete yofiira, mwaseka kwambiri, bwerani mudzagone apa. Amfumu, mutiwerengere ndinu. Tibwereza mpaka mutu ndi chiuno zitembenukire limodzi, kenaka alowe amayi.